Polisiya Akwera Njinga ya Nsomba

A Nasoro anali asanamukhudzepo galuyo ngakhale ndi chala. Anali Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, ndipo kwa iwo malovu a galu anali najisi, chinthu chodetsa. Komabe sankamuda. Akanamuderanji galu wokhala tsiku lonse pansi pa thandala la matemba, kuthamangitsa akhwangwala ndi mbuzi, osabapo ndi kansomba kamodzi komwe?

Mwini galuyo anali mwana wawo Subira, wa zaka khumi. Anamutola ali kamwana m'bango la nyanja ya Chiuta n'kumutcha Polisiya. Chaka chatha mphunzitsi wake, purufesori Alexandre, anawajambula pa telefoni: Subira akawomba m'manja, Polisiya n'kuima njo ndi miyendo iwiri ngati msilikali pa perete. Kanemayo anayenda mpaka kutsidya ku Malawi. Kuyambira pamenepo a Nasoro akafika pamsika ankangomva, "Awa si bambo ake a Subira wa galu?" Iwo ankachita ngati sizikuwakhudza, koma pakamwa pankawaulula.

Tsono galu wachiwewe analuma mbuzi ziwiri m'mudzimo, ndipo anthu anamvana kuti galu aliyense wopanda chiphaso cha katemera aphedwe pofika Lolemba. Obaya vasina, katemerayo, ankapezeka ku poshitu ya Chiuta, likulu la boma la deralo, Loweruka lokha. Wapansi ndi ulendo wa maola atatu, pomwe Polisiya anali ataponda botolo losweka, akuyendera miyendo itatu. Kupatula njinga ya nsomba ya a Nasoro, njinga ina ya pafupi inali ya a Domingos, koma inali itapita ku Amaramba ndi chinangwa.

M'mawa wa Lowerukalo, a Nasoro akumanga dengu la nsomba pa njinga yawo, Subira anaima pambali pawo.

"Ababa, angokhala pamwamba pa dengupo. Ndiyalapo thumba."

"Dengu ili? A Jabiri ndi anzanga onse a kumzikiti akamva kuti matemba anga anatsamirana ndi galu, adzagula ndani?"

"Ndiye aphedwe?"

Mwanayo sankalira, ankangoyang'ana bambo ake, ndipo zimenezo zinawalemera kuposa misozi. A Nasoro anayang'ana dengu, anayang'ana galu. Kenako maso awo anagwera pa akazi awo, a Tausi, amene anali atawerama pakhonde akubereka mwana wakhanda.

"Amake Subira, mulibe kapulana yakutha?"

"Ya chiyani?"

"Ya mdzukulu wanu uyu. Akupita ku sikelo."

A Tausi anaseka mpaka mwana kumbuyo anadzidzimuka. Anatulutsa kapulana, nsalu yoberekera ana yofwifwa, n'kumuponyera Subira. "Imeneyo isadzalowenso m'nyumba muno, wamva?"

Anakonza chonchi: dengu analisamutsira kutsogolo pa chiwongolero, a Nasoro pakati, Subira pa kaliyala, ndipo kumbuyo kwenikweni, kutali ndi nsomba ndi malaya a bambo, Polisiya ataberekedwa, mutu uli tuzu, lilime panja.

Njira yonse inali chikondwerero. Ana ankawathamangira akufuula dzina la galuyo. Amayi a pamjigo anatula zidebe n'kuimba nthungululu. Anzawo ogulitsa nsomba, powapitirira ndi njinga zawo, sanawasiye.

"A Nasoro, mdzukulu watengera agogo ake ndithu!"

"Makutuwo ndi a kuchikazi," iwo anayankha nkhope ili duu, akupalasabe.

Koma mchenga unachuluka, katundu analemera, ndipo kawiri konse anatsika n'kumakankha. Pofika ku poshitu dzuwa linali pamutu. Pansi pa mtengo wa mango panalibenso mzere wa agalu. Mayi wobaya, a Violeta, anali atatseka kale bokosi lawo lozizira ndipo ankalimangirira pa njinga yamoto. A Nasoro anafulumira kuwayandikira.

"Pepani amayi, tachedwa. Tachokera kunyanja."

A Violeta anatembenuka atakonzeka kukana, koma anakumana maso ndi galu wosuzumira paphewa la mwana. Anagwira pakamwa.

"Iwe, si Subira iwe? Ana anga andimalizira batire ndi kanema wanu uja!" Anayamba kumasula bokosi. "Usamutsitse, mwagwirana bwino choncho."

Anamubaya ali kumbuyo komweko. Polisiya analira kamodzi, Subira n'kumamugwedeza uku akuti, "Pepa, pepa, kwatha." Anthu amene anasonkhana anawomba m'manja. Galuyo atamva m'manjamo anayesa kuima njo m'kapulana momwemo, ndipo Subira anatsala pang'ono kugwa chagada, gulu lonse kuseka.

A Violeta analemba chiphaso, nadindapo chidindo. A Nasoro anachilandira ndi manja awiri, anachiwerenga pang'onopang'ono mpaka pansi, n'kuchilowetsa m'kofiya yawo. Mayiwo anatsuka phazi lovulala lija n'kulimanga bandeji.

"Asayende mtunda wautali kwa sabata imodzi."

"Mwamva, ababa?" anatero Subira akumangitsa mfundo pachifuwa. "Pobwerera akweranso."

"Ndamva," anayankha a Nasoro akukankha njinga kulowera kumsika. "Koma chaka chamawa aphunzire kupalasa."