Temwa wa ku Embangweni

Mtisunge anatsika minibasi pa Mzimba Boma dzuwa litafika pamutu, kamera ili pachifuwa, chithunzi chimodzi chili m'manja. Pachithunzipo panali Zondwayo, wakabaza wa njinga yamoto, atatsamira khoma la njerwa zofiira la tchalitchi cha ku Embangweni, maso ali pansi.

Chaka chatha, mu Julaye, Zondwayo anamuyendetsa masiku asanu akujambula boma lonseli. Anajambula phiri la Hora nkhungu isanachoke, ng'ombe zokoka ngolo, amayi a tomato pamsika wa ku Euthini. Tsiku lomaliza, Mtisunge akutenga kanema wa tchalitchicho, mayi wogulitsa nthochi anafunsa Zondwayo kanthu m'Chitumbuka. Zondwayo anayankha monong'ona, mayiyo n'kululuta. Mtisunge, mwana wa ku Mulanje, anangotolapo mawu amodzi amene ankawadziwa ngati dzina la mkazi: Temwa.

"Temwa ndani?" anafunsa pobwerera.

"Tsiku lina mudzamudziwa," anatero Zondwayo, akuseka.

Mtisunge anangoti basi, pali mkazi wina. Anabwerera ku Lilongwe osatsanzika, ndipo Zondwayo anamuimbira foni miyezi itatu osayankhidwa, kenaka analeka.

Dzulo, mnzake wa kuntchito, Iness, amene kwawo ndi ku Rumphi, anamupeza akuonera kanema uja.

"Bwezera pamenepo! Iwe, ndani akukukonda chonchi?"

"Akunena za Temwa wake."

"Temwa wa kuti? Mayiwo akufunsa kuti, kodi mtsikanayu ukumukonda? Iye akuti nkhumutemwa chomene. Kutemwa ndi kukonda, wopusa iwe!"

Nambala ya Zondwayo sinkapezekanso. Basi yoyamba ya m'mawa inanyamuka Mtisunge ali momwemo.

Tsopano anayenda pa siteji ya akabaza, akuonetsa chithunzi kwa aliyense. Wina anapukusa mutu, wina anafuna kumujambulitsa yekha. Pomaliza wina wa jekete yachikasu, dzina lake Goodluck, anachiyang'anitsitsa.

"Asisi, ndinu aja a kamera? Mwachedwa chomene. Njinga anagulitsa. Wakwera galimoto ya ku Joni m'mawa uno."

"Yadutsa kuti?"

"Ikutola anthu m'midzi ya ku Embangweni, mbwenu itulukire pa Jenda. Ikalowa tala, basi."

"Ndiperekezeni. Nkhuweya." Liwu la Chitumbuka limeneli, lotanthauza kuti chonde, anamuphunzitsa ndi Zondwayo.

Njinga inalowa msewu wafumbi. Malo onse amene chaka chatha ankaimitsa njinga kuti ajambule, lero ankangodutsa ngati mithunzi: minda yokolola kale, zigafa za fodya zopanda kanthu, mlatho wamatabwa. Pa Embangweni anapeza mayi wa nthochi uja pamalo ake omwewo. Mayiyo anaona chithunzi, anaona Mtisunge, n'kugwira pakamwa.

"Yapita! Ya ngolo kumbuyo, yoyera. Thamangani, mwana wanga!"

Mchenga unawagwetsa kamodzi. Mtisunge anadzuka bondo likutuluka magazi, galasi la kamera litang'aluka pakona, koma anakweranso osadzipukuta.

Pa Jenda, galimoto yoyera inali itaima pafupi ndi ogulitsa mbatata ndi anyezi, ngolo yake yodzaza zikwama. Amuna khumi ndi angapo anali atapanikizana kumbuyo. Zondwayo anakhala pakona, chikwama chabuluu chili pamiyendo. Anali ataonda.

Mawu onse amene Mtisunge anakonza m'basi anamuthawa. Anagwira chitsulo cha galimoto n'kufuula:

"Zondwayo! Ndikukutema!"

Amuna aja anafa nacho chiseko.

"Thawa, Zondwayo, wabwera ndi chikwanje!"

"Mlamu, mpeni uli kuti?"

Zondwayo sanaseke. Anamuyang'ana bondo, anamuyang'ana kumaso.

"Miyezi itatu ndinaimba," anatero.

"Ndikudziwa."

"Simunandifunse kachiwiri."

"Ndinaopa yankho."

Dalaivala analiza hutala, injini n'kudzuka. Zondwayo anawerama pang'ono.

"Temwa uja mwamupeza?"

"Ndamupeza dzulo. Musapite."

Galimoto inayamba kuyenda, chitsulo chija n'kupulumuka m'manja mwake. Anathamanga masitepe angapo, bondo linakana. Anaima pakati pa mulu wa anyezi ndi tala, osadziwa chochita ndi manja ake, mpaka anakweza kamera monga amachitira nthawi zonse chinthu chikamamuthawa. M'galasi long'alukalo galimoto inkachepa, yogawika pawiri. Misozi inamutseka maso, chala chinadina chokha.

Atapukuta maso, anayang'ana chimene wajambula. Chinali chithunzi chopindika, chosaoneka bwino, choipa kuposa zonse zimene anajambulapo. Pakona pake panali kanthu kabuluu kali m'malere, pakati pa galimoto ndi msewu.

Anatsitsa kamera. Patsogolo apo munthu ankamenya denga la galimoto ndi chikhatho, mwendo umodzi uli kale kunja.