Kazako wa Zikopa za Mbuzi

"Ichi ndiye n'changa ine, musachite kufunsa," anatero a Hezekiya, akusolola chovala cha zikopa za mbuzi pansi pa bokosi.

Quitéria anakhala pamphasa atatambalala, mutu ukunyerenyetsa momwe munadutsa lumo m'mawa uja. Anali atameta maliro a amuna ake, a Narciso, ndipo tsopano abale a malemu ankagawana katundu pabwalo monga mwa mwambo. Makasu anapita, mipeni yophikira inapita, malaya awiri anatenga a Debora, alongo awo a malemu. A Hezekiya, mkulu wawo, ndiwo ankagawa, ndipo dzanja lawo silinkaiwala mwini wake. Quitéria ankangoyang'ana. Masiku asanu a maliro amamaliza munthu. Ngakhale akanati anyamule denga la nyumba, iye akanangowathandiza kusenza.

Chovala chimenecho Quitéria ankadana nacho. A Narciso anaphikira a Padiri Octávio zaka makumi awiri, ndipo chaka chatha a Padiriwo analandira kalata yoti apite ku Tibeti, dziko la pamwamba pa mapiri, kutsidya kwa nyanja yamchere, kupitirira Indiya. Ananenetsa kuti sapita ndi munthu wina koma wophika wawo yekhayo. Basi, kuyambira tsiku limenelo Tibeti analowa m'nyumba. Podzuka Tibeti, pogona Tibeti. Akuti kumeneko mpweya ndi wochepa, munthu amapuma wefuwefu ali chikhalire. Akuti chimanga sichimera, nkhuni kulibe, moto amasonkhera ndowe za ng'ombe zaubweya, ndipo mu tiyi amathira mchere ndi mafuta a mkaka. A Narciso anayesa kuphika tiyi ameneyo, Quitéria anamwa kamodzi n'kukalavula kuseri kwa nkhokwe.

M'mawa uliwonse a Narciso ankakwera phiri la kuseri kwa mudzi ndi thumba la miyala, ati kuzoloweza chifuwa. Nkhalamba yotsokomola choncho! Mudzi wonse wa Mualadzi unkaseka. Mbuzi zinayi zinafa, osati chifukwa cha ndiwo koma zikopa, zoti asokere kazako, chijasi chotchinga chisanu. Quitéria anakwiya, anatha masabata awiri osalankhula nawo. Mwamuna wanji wosiya mkazi ndi munda kukafera kwa eni? Ndiye chifuwa chija chinawatenga asanaione n'komwe sitima ya ku Beira, mkwiyo wake n'kutsala wopanda kopita nawo.

Tomás, mwana wake yekhayo wamwamuna, anabwera n'kunjuta pambali pake.

"Amayi, a Padiri akufuna yankho lero. Akuti poti bambo anatisiya, malo aja ndi anga ngati ndikuwafuna. Galimoto ya ku Tete inyamuka Lachisanu."

"Ndinakuuza dzulo. Ndaika mmodzi m'dothi, sindiponya wina m'madzi."

"Nanga masupayi, asilikali a boma aja? Dzina langa analemba kale. Mwezi ukatha abwera ndi chingwe kudzanditengera kuchibalo."

"Chibalo chimatha. Miyezi isanu ndi umodzi, ubwera."

"Alfredo wa kwa a Bonifácio anapita miyezi isanu ndi umodzi yomweyo. Chino n'chaka chachitatu." Tomás anatsitsa mawu. "Ndikathawira ku Nyasalande, adzatenga inu kuti mukaswe miyala pamsewu. Koma wokhala ndi pepala la a Padiri samukhudza, iye ndi a kwawo omwe."

"Ndatopa, Tomás. Usandilankhulitse."

"Mukakana inu, sindipita."

Quitéria ankadziwa kuti Tomás akunena zoona, ndipo n'chimene chinkamupweteka kwambiri. Wopita kuchibalo mwina umamva mbiri yake kwa obwerako. Nanga ku Tibeti ungatume ndani?

Pabwalo panabuka phwete. A Hezekiya anali atavala kazako uja. Anali aafupi ngati malemu mng'ono wawo, anthu a msinkhu umodzi, koma chovalacho chinawameza. Manja anasowa m'kati, m'munsi munkakwekwereza fumbi, mapewa anagwera m'zigongono.

"Achimwene, mwasanduka chiopsezo cha akhwangwala!" anatero a Debora, akupukuta misozi ya kuseka ndi nsalu yomwe ankapukutira ya maliro.

"Kalanga ine, mng'ono wanga," anatero a Hezekiya, akugwedeza manja opanda kanthu aja. "Kuphika ankatha, koma kusoka ayi ndithu. Mbuzi zinayi zinafera thumba!"

Mawu amenewo anamubaya Quitéria. Anenedwe zonse a Narciso, koma osati zimenezo. Munthu uja ankasoka chigamba pamkanjo wa a Padiri, a Padiri eni ake n'kumachifunafuna osachipeza. Ngakhale mtanda wa khola la nkhuku ankauyeza kawiri ndi chingwe asanadule. Iwo aja alakwitse muyeso wa thupi lawo lomwe?

Anadzuka, mawondo akulira.

"Alamu, tavulani."

Kuseka kunazima. Mkazi wamasiye saika dzanja pa chimene chagawidwa.

"Mlamu, mwambo mukuudziwa," anatero a Hezekiya. "Chotuluka m'bokosi ili n'cha kwathu."

"Ndikuudziwa. Ndingoona msoko, ndikubwezerani."

A Hezekiya anavula monyinyirika. Quitéria anayala chovalacho pamphasa n'kuyamba kuyeza dzanja lake, akutambasula chala chachikulu ndi chapakati kuchokera paphewa. Mkono wa amuna ake ankaudziwa, unali katatu basi. Apa anatambasula katatu, chikopa chikadalipo. Kachinayi ndiye anafika kumapeto. Anayeza mapewa. Anayezanso. Kenaka anakweza maso n'kuona Tomás, amene anatengera kutalika kwa atsibweni ake, munthu woweramira pakhomo la nyumba iliyonse.

"Taimirira."

"Amayi?"

"Ndati imirira. Pisa dzanja."

Kazako anakhala pamapewa a Tomás ngati anabadwa naye. Manja analekeza pamfundo penipeni, m'munsi munafika pansi pa mawondo, pomwe a Padiri ankati chisanu chimaluma. Nkhuku ina inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa.

"Unkadziwa iwe?" anafunsa Quitéria.

"Ayi, amayi, ndikulumbira." Tomás ankayang'ana manja akewo ngati ndi a munthu wina. "Ankangoti ndiziwaperekeza kuphiri. Tikangobisika kuseri kwa mitengo, thumba ankanditwika ine, iwo n'kukhala pamwala kumatsokomola. Ankati ndisakuuzeni. Madzulo ankandiitana kwa a Padiri kuti ndiwagwirire moto, kenaka ankati kanda mkate, kenaka ankati phika ndiwe, a Padiri asadziwe. Tsiku lina ndinagona pamthunzi kumunda, ndinamva chingwe chikuyenda pamsana. Nditadzidzimuka anati akundichotsa nyerere."

A Debora anagwira pakamwa.

Quitéria anakhala pansi. Tsopano anaona zonse. A Narciso ankadziwa kuti chifuwa chija sichiwafikitsa ku Beira. Ankadziwanso kuti a Padiri sangalole wina iwo ali moyo, ndiponso kuti mkazi wawo akamva za Tomás adzagona pakhomo kutchinga njira. Ndiye anagwira malowo ndi dzina lawo, nalola mudzi wonse kuwaseka, nalola iyeyo kuwafulatira masabata awiri, masabata amene tsopano akanawagula ndi mbuzi zonse za m'khola. Anamva chisoni, anamvanso manyazi, ndipo mkwiyo sunachoke ayi, unangosintha malo.

"Nkhalamba yabodza inu," anatero, akuyang'ana kunjira ya kumanda. "Yabodza ndithu. Munalephera kungondiuza?"

A Hezekiya anakanda mutu wawo wometa, nayang'ana kazako, nayang'ananso bokosi lopanda kanthu.

"Mwini wake anagawa kale," anatero. "Ife tachedwa."

Tomás anagwada pamaso pa amayi ake, chovala chikadali m'thupi, thukuta likutsika chifukwa dzuwa linali litakwera.

"Amayi, mawu anga ndi omwe aja. Mukakana, sindipita."

Quitéria anagwira dzanja lamanzere la kazako kuti amukankhe, chala chake n'kubayidwa. Anapinda m'mphepete. Singano inali momwemo, yolasidwa m'chikopa, ulusi ukulendewera. Mpendero unalekera pakati.

"Vula," anatero. "Pita ukawauze a Padiri kuti Lachisanu ulipo. Usachedwe, ndikufuna ndikuyezenso."

Tomás atapita, anakokera chikopa pamiyendo n'kuyang'anitsitsa msoko wa amuna ake. Unali wa mizere iwiri, timfundo tating'ono tofanana ngati mbewu za mawere, tothinana kuti mphepo isapeze polowera. Anasoka kasanu n'kuyerekeza. Mfundo zake zinali zazikulu, zotalikirana. Anapuma mozama, anasolola ulusi wonsewo, n'kuyambiranso pomwe iwo analekera.