Shawa ya Apongozi

Giza ya sola yotenthetsera madzi osamba imene Davison anaika padenga la apongozi ake, mayi Rozaria, inali ntchito yake yoyamba chimalizireni maphunziro a zamipopi. Kwa miyezi isanu inagwira bwinobwino. Basi mu Juni, chiperoni chikutsika ku Michesi, madzi otentha anayamba kumatha munthu sopo ali m'maso.

Mayi Rozaria, monga mwa mwambo, sankalankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso. Ankauza mwana wawo Zelifa, koma mokweza kuti ndi nkhuku zomwe zimve.

"Zelifa, ukawauze amuna akowo kuti Loweruka ndiitana mmisiri weniweni wa ku Boma adzatsitse chigubu chawochi."

Zinamuwawa Davison. Ntchito yako ikatsitsidwa pakhomo pa apongozi ako omwe, ndaninso m'mudzimo angakuitane?

Anakwera padenga. Paipi sinkadontha, ndipo madzi a m'thanki anamuwotcha chala. Ndiye kuti vuto linali m'bafa. Koma bafalo linali kuchipinda kwa apongozi, kumene mkamwini wolongosoka sapondako ngakhale nyumba ikupsa.

Ali pamwamba pomwepo anayang'ana kuseri, kumene paipi ya madzi osambira imathira pa nthochi. Panali chithaphwi choti bakha n'kusambamo, chonsecho mvula yeniyeni inasiya kalekale.

"Amayi ake Lily, m'bafamo mwasintha chiyani?" anafunsa mkazi wake atatsika.

"Palibe," anatero Zelifa. "Kungoti achimwene a Fletcher anabweretsa mutu wa shawa watsopano kuchokera ku Joni. Waukulu ngati lichero."

"Ndiye osandiuza?"

"Munandifunsa?"

Davison anatchera ndowa ya malita makumi awiri kukamwa kwa paipi ya pa nthochi ija, foni yowerengera nthawi ili m'manja, n'kumuuza Zelifa kuti akatsegule shawa. Mphindi imodzi yokha, ndowa inali thoo. Abale, thanki ya malita handiredi ingalimbe bwanji ndi chimeza chotere?

Mutu wakale Zelifa anakaupeza m'katoni ya mbewu. Anaumanga yekha, mwamuna wake akumulangiza ali panja pa zenera, nkhope atalozetsa kumunda kuti asaone za m'chipinda.

"Kumanja, mayi. Osalimbitsa kwambiri."

Ulendo uno ndowa inatenga mphindi zinayi kuti idzaze. Mayi Rozaria, amene ankaonerera ali pakhonde ngati sizikuwakhudza, ananyamuka mwakachetechete n'kutenga thaulo.

Davison anakhala pa njerwa, maso ali pa paipi. Mphindi zisanu zinadutsa, paipi ikutulutsabe nthunzi. Zinakwana khumi. Kenako m'bafamo munamveka nyimbo ya kwaya, mawu ake okwera bwino, osati a munthu amene akunjenjemera.

Atatuluka, mayi Rozaria anapeza mayi Fanny oyandikana nawo atabwera kudzabwereka sefa, akudandaula kuti mpopi wawo ukudontha ndipo mwina adikire mmisiri wa Loweruka uja.

"Wa Loweruka utinso?" anatero mayi Rozaria, akupukuta m'khosi. "Kuno sikubwera munthu. Zelifa, uwauze bambo ake Lily akamaliza kumwa tiyi akawaonere amayiwa mpopi wawo. Ndipo tiyiyo uwathirire mkaka."

Davison anaweramitsa mutu mwaulemu, koma mano onse anali pamtunda.