Okolopa a M'thanki

Mayi Mafunso anali atasiya chikolopa pakati pa chipinda chodikirira odwala, mphuno ataigunditsa pagalasi la thanki ya nsomba. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pachipatala cha mano chimenecho, chifukwa panalibe chinthu chowadutsa osachifunsa. Tsiku limenelo funso linali pa nsomba yachikasu. Inali itatuluka timadontho toyera thupi lonse ngati yawazidwa mchere, ndipo inkadzikhula pamwala.

Mtima wawo unali m'mwamba. Adokotala, eni chipatalacho, anali ku msonkhano wa sabata yathunthu, ndipo nsomba za m'madzi amcherezi ankazikonda kuposa odwala. Ponyamuka anawauza kuti akusiya nsomba zisanu ndi imodzi, adzazipeze zisanu ndi imodzi, apo ayi mayiwo akafune kwina kokolopa. Ananena akuseka, koma mlonda wakale anachotsedwanso ntchito bwana akuseka chomwecho.

Kunena zoona, nsombazo Mayi Mafunso sankazilabadira. Chimene chinkawaimitsa pagalasipo m'mawa uliwonse chinali tizilombo ta pansi. Nkhono zinkakwawa pagalasi zikupala ndere, n'kumasiya kanjira koyera kumbuyo. Tinkhanu tina tinkakhala m'zigoba za nkhono zakufa, nyumba za eni, tikutola nyenyeswa mumchenga. Panalinso kena kofiira, ka ndevu zoyera zazitali, kamene nsomba zinkakayasamulira kuti kazitole zotsalira m'kamwa, ndipo iwo ankati kameneko ndiye kadokotala ka mano ka m'madzimo. Kaya ndani anatiphunzitsa ntchito tizilomboti? Kaya timapuma liti? Ankatikonda ngati anzawo a pantchito.

Mlembi wa pakauntala ndiye anapeza botolo m'kabati ya pansi pa thanki. Linali ndi madzi abuluu, ndipo kunja kwake anajambulako nsomba ya madontho ngati yomweyo.

"Asisi, mwaima apa chaka chonse mukudikira kuona maso a nkhono," anatero mlembiyo. "Lero kudekhako kukuchotsetsani ntchito. Mankhwala si awa? Thirani."

Mafunso anali nawo ambiri, koma mantha anawatseka pakamwa. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anachita chinthu osafunsa, ndipo anathira zitsekerero ziwiri zodzaza.

M'mawa mwake anapeza galasi lopanda nkhono ndi imodzi yomwe. Zonse zinali zitagwera pamchenga chagada. Tinkhanu sitinkasuntha, ka ndevu kaja kanali katagona cham'mbali pakona. Nsomba yachikasu inkayendabe ndi madontho ake. Anamva chisoni chenicheni, cha maliro, mpaka anakhala pansi pampando wa odwala. Kenako anaimbira mmisiri amene anaika thankiyo, poti nambala yake inali yomatidwa kuseri kwa chitseko cha kabati.

Mmisiriyo anafika ndi zigubu za madzi amchere ndi kathanki kakang'ono kopanda kanthu. Atatembenuza botolo lija anangopukusa mutu.

"Mayi, muli kopa m'menemu, mankhwala a mkuwa. Nsomba imapirira, koma chilichonse cha chigoba chimafa. Wodwala timam'chotsa, tikam'chiritsire kwayekha. Okolopa timawasiya pantchito."

Mlembi ananong'ona kuti safunsa anadya phula, ngati kuti si iye amene anatola phulalo.

Apo pakamwa pa Mayi Mafunso panatseguka. Madonthowo ndi chiyani? Mmisiri anati ndi tizilombo toboola khungu, timene tikakhuta timagwera mumchenga n'kuswana. Nanga ka ndevu kaja sikakanatitola? Ayi, timabisala mkati mwa khungu. Ndiye tizilomboto titha bwanji mumchengamo? Anati nsomba zonse zituluke, thanki yaikulu ikhale milungu ingapo yopanda nsomba, tizilomboto tife ndi njala. Atawapempha chidebe chimene sichinakhudzepo sopo, mayiwo anatsegula chipinda chawo cha zokolopera n'kuchita manyazi. Zidebe zisanu, zonse zonyezimira, ndipo panalibe n'chimodzi chomwe choyenera. Anabwereka chigubu cha madzi akumwa.

Tsiku lonse anasintha madzi, anavuula nsomba, anatola zakufa. Mayi Mafunso ankanyamula nkhono iliyonse n'kuinunkhiza monga anawaonetsera mmisiri, poti yakufa siibisa. Zitatu zinali zikadali moyo.

Adokotala atabwera anapita molunjika kuchipinda cha kumbuyo kumene kunali kathanki kaja. Anawerenga ndi chala, zisanu ndi imodzi, yachikasuyo madontho atayamba kutha. Mlembi anafotokoza mokometsera kuti matendawo anawaona msanga n'kuitana mmisiri. Za botolo sanatchule, ndipo anali atawalangiza kale mayiwo kuti atseke pakamwa, bwana sawerenga nkhono.

Zinalidi choncho. Adokotala anayamikira, kenako anasuzumira m'thanki yaikulu n'kunena kuti galasi labiriwira, alipukuteko. Anali atatembenuka kale kuti azipita.

Mayi Mafunso anaona kuti apulumuka, koma chimwemwe sichinabwere. Chinabwera ndi mkwiyo, wosadziwika bwino kuti akukwiyira yani.

"Adokotala," anatero, "galasilo linali ndi eni ake olipukuta. Afa, ndipo ndawapha ndine. Ndinathira mankhwala osafunsa."

Mlembi anayamba kusanja mapepala amene anali osanja kale. Adokotala anabwerera, anawerama, anayang'ana pamchenga kwa nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti zinalipo zingati.

"Nkhono khumi ndi ziwiri, tinkhanu tisanu, ndi ka ndevu kamodzi. Zatsala nkhono zitatu."

"Ine sindinkadziwa," anatero adokotala.

Ntchito sanawachotse. Anangoti okolopa atsopano sangalowe mpaka mmisiri atatsimikiza kuti mankhwala atheratu m'miyala. Choncho milungu yonseyo Mayi Mafunso ankafika ola lathunthu anzawo asanabwere, n'kupinda dzanja la yunifolomu mpaka paphewa. Ankapala ndere kuchokera pakona kufika pakona, akulambalala mosamala pamene nkhono zitatu zija zinali pantchito.