Mawu Anabwerera, Liwu Linatsala

Amuna ake a telala anali kalipentala wa pakamwa potsekemera. Ankatha kumuuza munthu kuti ndi mbava, munthuyo n'kufa nacho chiseko, chifukwa mawuwo ankawakoka, kuwapinda, n'kuwakweza kumapeto ngati akuimba. Zaka zonse za banja lawo, telalayo sankasamala kwenikweni zimene amuna ake anena. Ankamvera mmene azinenera.

Tsiku lina bambowo anagwa akupala thabwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Patapita miyezi dzanja linayambanso kugwira, mawu nawo anabwerera onse, koma anabwera osalala: osakwera, osatsika, funso ndi yankho chimodzimodzi. Adokotala anati mwina zikhala choncho basi.

Mwana wawo wamwamuna anabwera ndi mkazi wake kudzawazonda. Mpongoziyo, yemwe anali asanazolowere pakhomopo, anaphika ndiwo koma dzanja linalemera pa mchere. Bambowo atalawa anati, "Mukufuna kundipha kuti mutenge nyumbayi."

Telala anaidziwa nthabwalayo, poti ankanenedwa nayo iyeyo atangokwatiwa kumene. Koma tsikulo inatuluka youma ngati mlandu. Mpongozi anaika mbale pansi n'kukalira kuseri kwa nyumba. Mwana uja anadzuka nkhope itagwa, nati sanayende mtunda wonsewo kudzatukwanitsa mkazi wake. Mayi anayesa kulongosola. Bambo nawo anati akungocheza, koma kupepesa kwawoko kunamveka ngati akupirikitsa anthu. M'mawa mwake alendowo ananyamuka.

Kuyambira pamenepo kalipentala anasiya nthabwala, kenako anasiya ndi nkhani zomwe. Ankangokhala pampando pafupi ndi makina osokera, n'kumatchula zofunika zokha: madzi, mankhwala, chitseko. Makasitomala obwera kudzayesa zovala, amene kale ankachedwa dala kuti aseke nawo, tsopano ankapereka moni n'kuyang'ana kumbali.

Madzulo ena telala anaimitsa makina pakati pa msoko.

"Bambo, kodi mwatopa nane?"

"Ayi."

Kale akanadziwa ngati ndi ayi wachikondi, wamkwiyo, kapena wa munthu amene akumeza misozi. Anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, osatolapo kanthu. Anadzuka, nawafunditsa bulangete m'miyendo, n'kubwerera pa makina ake.

Sanafunsenso funso limenelo. Amuna akewo anamwalira chaka chotsatira, ndipo pamaliro mpongozi uja ndi amene analira kwambiri.