Mtsempha wa a Harun Utatsekekanso

A Gervazio ndi a Harun anadziwana ku India, ngakhale onse anali a ku Dedza. A Gervazio anagwira ntchito ya zankhalango pa Phiri la Dedza mpaka kupuma, pomwe a Harun anali ndi sitolo ya nsalu pa boma. Mwina ankadutsana pamsewu, koma anayamba kulankhulana m'chipatala, atagona pa mabedi oyandikana, aliyense akudikira kuti amutsegule mtsempha wa mtima umene unatsekeka ndi mafuta.

Dokotala anawaonetsa chimene adzawaike: kachubu ka waya kakang'ono ngati sipuling'i ya m'bolopeni, kotchedwa sitenti. Anati kanapakidwa mankhwala oletsa mnofu kumera n'kutsekanso njira ya magazi. A Gervazio anawaika kamodzi, a Harun tiwiri.

Atabwerera kumudzi, a Gervazio anayamba kupita ku boma Loweruka lililonse kuchokera kwawo ku Bembeke, poyamba pa minibasi, kenako pa njinga mphamvu zitabwerera. Ankakhala pa benchi pakhonde la sitolo, akumwa tiyi wopanda shuga, kufunsana ngati wina sanadumphitse mapiritsi oletsa magazi kuundana. A Harun ankakonda kukangana za mpira ndi za mvula, ndipo sankavomera kugonja. Akazi a a Gervazio, a Magadalena, ankaseka kuti amuna awo anapeza mbale atamera kale imvi.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi zitatu. Kenako a Harun anayamba kuima panjira popita ku mzikiti, atagwira pachifuwa. Ankati ndi chisanu cha mu June. A Gervazio anawakakamiza kupita ku Lilongwe, komwe anapeza kuti kachubu kamodzi kayamba kutsekekanso. Matenda a shuga omwe a Harun anali nawo ndiwo anafulumizitsa zinthu. Mwana wawo Zuleika, yemwe amakhala ku Durban, anadzawatenga kuti akawachite opaleshoni yaikulu. Inatheka bwino, koma Zuleika anakana kuti bambo ake abwerere kutali ndi madokotala awo.

A Gervazio anapitabe ku boma milungu ingapo. Sitolo inali m'manja mwa mkamwini wa a Harun, amene anachotsa nsalu n'kuikamo mafoni. Ankawalonjera mwaulemu, koma nkhani inkathera pomwepo. Anasiya kupita.

Chaka chino a Gervazio anapita ku Lilongwe kukapimitsa. Dokotala wachitsikana anayang'ana zotsatira nthawi yaitali, kenako anati mtima wawo ukugwira ntchito bwino ngakhale papita zaka khumi ndi chimodzi. Anawauza kuti anthu ambiri oikidwa timachubu ta mtundu umenewu amakhala nato bwino chonchi, ndi ochepa omwe timatsekekanso, koma asasiye mankhwala. A Gervazio anathokoza n'kutuluka. Ali pa depoti kudikira basi ya ku Dedza, anaona kuti nkhani yabwinoyo ikuwalemera. Anaimba foni ku Durban.

A Harun anayamikira Mulungu atamva. Mawu awo anali ochepa mphamvu kusiyana ndi kale. Anati kumeneko n'kotentha, nyumba ili pamwamba pa zinzake, ndipo palibe womutsutsa munthu.

"Achimwene, nkhungu yayamba kutsika paphiri?" anafunsa a Harun.

"Yayamba. Dzulo mitengo ya paini sinkaoneka n'komwe."

"Kuno ndimadzuka n'kutsegula windo, ndimangoona magalimoto."

A Gervazio anafuna kunena kuti iwonso Loweruka limawatalikira, koma anangoti, "Mubwera liti?"

"Zuleika akuti mwina mu June."

June atafika, Zuleika anaimba yekha. Anati madokotala akana ulendo wa nthawi yozizira, mwina ayese mu September. A Gervazio anati amva, ndipo awapatse moni bambo akewo.

Sabata imeneyo anakumba mbatata ya kachewere kudimba. Anasankha zikuluzikulu, zosabooka ndi khasu, nadzaza thumba limodzi n'kuliika padera m'chipinda chamdima, kusungira a Harun. A Magadalena anawauza kuti pofika September zikhala zitamera. A Gervazio anati akudziwa, ndipo zikamera adzasankha zina.