Nyimbo ya Petronella m'Chipinda cha Mayeso

Petronella Sakala anali atalephera mayeso a Chingerezi kawiri, ndipo ulendo wachitatuwu unali womaliza. Sikuti boma linamuletsa kulembanso, ayi. Amene anadula malire anali ba Monde, mwini watsopano wa kasukulu ka ana aang'ono ku Chawama, komwe Petronella anali ataphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Atangogula sukuluyo, ba Monde anaitana aphunzitsi onse atatu n'kuwauza mosapita m'mbali kuti pofika Januwale, aliyense woima kutsogolo kwa ana akhale ndi satifiketi yathunthu, Chingerezi chili momwemo. Wopanda pepala aone msewu.

Anzake awiriwo mapepala anali nawo. Petronella masamu anakhoza, sayansi anakhoza, ndipo zonsezo analemba ali kale mayi wa ana atatu. Chingerezi chokha ndiye chinamukanira ngati bulu. Ntchito yakeyo ankaikonda, osati pang'ono. Ana obwera tsiku loyamba akulira, mamina ali chuchuchu, iye ndiye ankawatontholetsa. Ena mwa ana amenewo tsopano anali makondakitala a ndevu zawo, ndipo akamuona pa siteji ankakuwa kuti, "Ba Ticha, kwelani kusogolo!" Zoti chaka chamawa m'kalasi mwake mudzaima munthu wina sankafuna n'komwe kuzimva.

Ndiye anapita kwa ba Silas Njobvu, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Katete, amene Loweruka lililonse masana ankaphunzitsa akuluakulu m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ophunzira, kuphatikizapo iye, analipo asanu ndi anayi, onse azimayi: ogulitsa pa msika, wosoka mmodzi, ndi Rhoda woluka tsitsi, wamng'ono pa onsewo koma pakamwa ngati wailesi.

Ba Silas anali ndi gawo lawo la pamtima, loumba mawu kuchokera ku mawu anzake. Ankagawa bolodi patatu. Kumanzere ankalemba mneni, pakati dzina lobadwa kwa mneniyo, kumanja mfotokozi.

"Mawu a Chingerezi ali ndi abale awo," ankatero mu Chichewa chawo cha kumudzi chomwe zaka zonse za mu Lusaka zinalephera kuchipinda. "Uyu ndi kholo, decide. Mwana wake woyamba ndi decision. Wachiwiri ndi decisive. Pa mayeso adzakupatsani kholo, inu mutchule mwana amene akufunika pa mpatapo. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

Chovuta chinalipo. Azimayi ankakopera mwaukhondo, mizere yowongoka ndi rula, koma likafika Loweruka lotsatira m'mitu munali mbee. Tsiku lina Petronella anaponya cholembera pa benchi.

"Ba Ticha, vinthu ivi sivingena. Nikafika chabe pa geti, vonse vathawa."

"Amake Given," anatero ba Silas, pomutchula ndi dzina la mwana wake woyamba, "kodi nyimbo za m'buku la tchalitchi mumadziwa zingati pamtima?"

"Zonse."

"Ndiye mutuwo ulibe mlandu."

Apa mkuluyo sananame. Petronella ndiye anali woyambitsa nyimbo pa msonkhano wa amayi Lachinayi, ndipo maliro akagwa mu Chawama anthu ankamutumira uthenga asanatumire ngakhale wa bokosi. Mawu ake sankafuna chokuzira. Ndiye tsiku limenelo, moseka chabe, anayang'ana pa bolodi, nakweza mutu, n'kukoka mawu monga amachitira poyambitsa nyimbo ya pamsewu wa kumanda.

"Deciiide!"

"Decision, decisive!" anayankha Rhoda ndi mawu achiwiri, akuwomba m'manja.

Azimayi anaseka mpaka misozi. Ba Silas sanaseke. Anavula magalasi, nawapukuta, n'kunena kuti, "Bwerezani."

Basi, njira inapezeka. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Petronella ankaima kutsogolo n'kumaponya kholo, asanu ndi atatuwo n'kumalandira ndi ana ake awiri. Succeed, iwo success, successful. Create, iwo creation, creative. Pofika Julaye nyimboyo inali ndi mabanja makumi asanu ndi limodzi, ndipo sinkatheranso m'kachipindamo. Petronella akamadutsa pa msika ankangoponya liwu limodzi, yankho n'kutuluka kuseri kwa milu ya tomato, ogula n'kumadabwa kuti kaya ndi mpingo watsopano. Ba Silas ankayenda chifuwa chili patsogolo. Zaka makumi atatu ndi zisanu za choko, ankatero, sanaonepo kalasi yogwira gawo limeneli chonchi.

Koma panali kanthu kamene onse khumi sanakaone, ngakhale mphunzitsi wa magalasiyo. Woyambitsa nyimbo saimba mbali ya olandira. Iye akaponya liwu lake amapuma, kukonzekera lotsatira, pamene anzake akuyankha. Miyezi itatu yathunthu Petronella anaimba makolo okhaokha, amene pa mayeso amakhala olembedwa kale pa pepala. Ana aja sanatulukepo pakamwa pake ndi kamodzi komwe.

Mayeso anafika mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ija ikuulutsa mapulasitiki m'misewu. Analembera mu holo ya sukulu ina ya sekondale, anthu oposa makumi asanu ndi awiri, achinyamata ndi achikulire pamodzi. Zikwama ndi mafoni anasiyitsa pa tebulo la pakhomo. Anawakhazika motsata maina, moti azimayi a ba Silas anabalalika, wina kutsogolo, wina pa zenera, Rhoda kumbuyo kwenikweni.

Woyang'anira mayeso anali ba Mwansa, mayi wachitsikana wa nsapato zogogoda. Anawerenga malamulo pang'onopang'ono kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve. Wolankhula, wonong'ona, wopatsa mnzake yankho m'njira iliyonse, atuluka, ndipo pepala lake silidzawerengedwa.

Petronella anayamba bwino. Nkhani yowerenga anaimva, mafunso ake anayankha, mtima n'kukhala pansi. Atatembenuza tsamba anapeza gawo la ba Silas, ndipo anamwetulira. Apa ndiye pakhomo pake! Loyamba linali decide. Anaimba mumtima, namva patali mawu a Rhoda akuyankha, nalemba. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachinayi linachedwa pang'ono koma linabwera. Anafika pa lachisanu ndi chiwiri.

Persuade.

Anaimba mumtima. Zii. Anaimbanso, kukoka bwinobwino monga ankakokera pa bolodi. Kamvekedwe ka yankho kankabwera, kukwera ndi kutsika kwake, ngakhale pomwe Rhoda amawombera m'manja, koma mawu ake enieni ayi. Akanatha kulidumpha funsolo, inde, ndipo munthu wina aliyense akanatero. Koma Petronella anali atalephera chaka chathacho ndi mamalikisi awiri okha, ndipo funso lililonse linkamuonekera ngati ndi lomwelo lomuchotsa ntchito. Anatseka maso. Phazi linayamba kugunda pansi lokha, mutu n'kumagwedezeka, milomo n'kumayenda. Iye ankaona ngati akunong'ona. Koma kunong'ona kwa munthu amene wazolowera kuyambitsa nyimbo pa manda a Chingwere, mphepo ikuwomba, si kunong'ona kwa inu ndi ine.

"Persuaaade!"

"Persuasion, persuasive!"

Yankho linatuluka ku ngodya zonse zinayi za holo, nthawi imodzi, mawu oyamba ndi achiwiri atagwirizana bwinobwino ngati pa chikondwerero cha makwaya. Palibe anaganiza. Nyimbo ikaponyedwa imalandiridwa, ndi mmene anthuwa anakulira, ndipo pakamwa panayankha mutu usanafunsidwe.

Kenaka holo yonse inangoti zii. Wina kumbuyo anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Petronella anatsegula maso.

Nsapato za ba Mwansa zinagogoda mpaka pakati pa holo.

"Ni bandani?" anafunsa. "Bonse bamene mwaimba, imililani."

Palibe anasuntha. Mitu yonse inali pa mapepala, aliyense wasanduka wolemba wakhama. Ba Mwansa anali atamva mawu ambiri, koma pa nthawiyo ankayang'ana wotchi, ndipo sakanatha kuloza munthu.

"Chabwino," anatero. "Ngati kulibe, nizalemba lipoti ya holo yonse, kuti mayankho yanakambiwa poyela. Muziba mweka vamene vizachitika ku mapepa yanu."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Bambo wina wa imvi pafupi ndi Petronella anagwira mutu ndi manja awiri. Petronella anayang'ana pepala lake. Yankho tsopano anali nalo, linali likulirabe m'makutu, ndipo cholembera chinali m'dzanja. Anachiika pansi, naimirira.

"Ni ine, madamu."

"Mweka?"

"Ine ndiye nayambisa. Benangu bayankha chabe, sibanafune. Mulandu ni wanga."

"Bamene bayankha ni bandani?"

Petronella ankawadziwa onse. Akanatha kuwatchula mmodzimmodzi atatseka maso, uyu ndi mawu ake, uyu ndi pomwe amapumira.

"Siniziba, madamu. Nenze nayangana pa pepa yanga."

Ba Mwansa anamuyang'ana nthawi yaitali, mayi wa msinkhu wa amayi awo, duku lili pamutu, wavala juzi ya kutchalitchi. Anatenga pepala lija, naona kuti pa funso lachisanu ndi chiwiri panalibe cholembedwa. Anapumira m'mwamba.

"Mayo, mwanivutisa," anatero motsitsa mawu. "Holo yonse yamvela. Nilibe vochita."

Anaitana mkulu wa oyang'anira. Analemba fomu, Petronella anasaina, ndipo anamuperekeza mpaka pakhomo anthu onse akumuyang'ana m'mbali mwa diso. Chikwama chake anamuuza kuti achitenga mayeso akatha, chifukwa pa tebulopo panali mafoni a anthu ena.

Ndiye anakhala pa njerwa pansi pa mpanda, ola lathunthu ndi mphindi zake, fumbi likumuthira. Manyazi anamugwira, oti akanakonda nthaka imumeze. Mphunzitsi wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wouza ana tsiku ndi tsiku kuti chala pakamwa, lero watulutsidwa chifukwa cha phokoso! Analinso ndi kamkwiyo, tisabise. Pamene ankaimirira muja, mtima wina unkayembekeza kuti mwina mmodzi yekha aimirira naye. Palibe anaimirira. Ankadziwa kuti ndi zomwe iye mwini anafuna, koma zinamuwawabe. Anadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: madzi akatayika saoleka, koma mwina sanatayike pachabe. Funso lija linali lovuta. Ngati linamugwira iye, ndiye kuti linagwiranso ena, ndipo mwina nyimbo ija inapulumutsa mmodzi kapena awiri amene anali pa malire ngati iye.

Belu linalira. Anthu anatuluka akukamba za iye, ena akuyeserera kaimbidwe kake. Azimayi a ba Silas anatuluka mochedwa, ataunjikana, maso ali pansi. Anaima chapatali ngati anthu ofika pa nyumba ya maliro osadziwa poyambira. Rhoda ndiye anabwera ndi chikwama, nagwada pa fumbi pomwepo, misozi ili mbwembwembwe. Wailesi ija lero inali yozima.

"Bamake Given, mutikhululukile. Nenze nifuna kuimilila, koma mendo yanakana."

"Nyamuka iwe, uzadesa chitenge," anatero Petronella, akulandira chikwamacho. "Sembe waimilila, sembe nakumenya. Niuze chabe, namba seveni munalemba?"

"Tinalemba."

"Bonse?"

"Bonse."

Petronella anagwedeza mutu, mtima n'kupepukako pang'ono. "Ndiye ni bwino. Nyimbo yagwila nchito."

Rhoda anayang'ana anzake aja, nayang'ananso pansi. Anali mwana wosadziwa kusunga mawu, ngakhale oyenera kusungidwa.

"Koma tenze tinalemba kudala, bamake Given. Tafunsana pa khomo apa. Pamene munaimba, tonse tenze tapita kale pa namba seveni. Ija siinavute olo mumozi. Si ndimwe munatiphunzisa?"

Petronella anakweza maso. Anayang'ana azimayi asanu ndi atatu aja mmodzimmodzi, ndipo pamenepo m'pamene anazindikira kuti mu holo monse muja, mwa onse oimba nyimbo yake, wosadziwa yankho anali iye yekha. Anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, naimirira, nakung'untha fumbi kumbuyo.

"Mukauze ba Ticha kuti mwalemba bwino," anatero. "Ine niyenda kwa ba Monde manje manje. Nifuna bamvele kwa ine, osati ku msika."